Ndinawasitira Malaya a Tihomir

Vinkovci,
9 Malichi 1998

Okondedwa alamu anga a Ljerka,

Ndikhulupirira muli bwino ku Stuttgart. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Yankho la madokotala oyeza asilikali ovulala lafika. Achimwene anu a Tihomir awapatsa maperesenti 20 okha a ulumali! Munthu amene bomba linamumenyetsa kukhoma mpaka magazi kutuluka m'makutu, amuwerengera ngati wothyoka chala. Ndi 20 ameneyo sangapume pantchito. Ayenera kubwerera kumakina ocheka matabwa, munthu woti amaiwala chimene wagwira m'manja.

Ndinathamangira kwa a Anto, msilikali wakale amene amathandiza anzake kuchita apilo. Anandiwerengera mawu a madokotala: "Wodwala anabwera atameta, malaya osita bwino, akumwetulira. Mafunso onse anayankha molondola."

"Anamuveka ndani?" anafunsa a Anto.

"Ine."

"Mayi inu! Munkapita naye kuukwati? Anzake amalowa m'menemo ndi ndevu za sabata yathunthu!"

Alamu, mukudziwa mmene mayi anu ankanenera, kuti kwa dokotala munthu sapita wauve kapena chimanjamanja. Ndinawameta, ndinawasitira malaya, ndinawamangira tayi, ndinawanyamulitsa paketi ya khofi ndi chokoleti. M'basi ndinawabwerezetsa tsiku, mwezi ndi dzina la mwana wathu Marijana, kuti asakachite manyazi. Atatuluka n'kundiuza kuti sanaphonye funso, ndinanyadira, chitsiru ine!

Tili ndi masiku khumi ndi asanu oti tichite apilo. A Anto akuti pakufunika kalata ya wachibale amene ankawadziwa nkhondo isanayambe. Chonde lembani msanga, munene za Tihomir wanu uja, woloweza manambala a foni a mudzi wonse. Za Tihomir wa lero ndilemba ndine, ndipo ndiyambira kwa inu, popeza ndakhala ndikukunamizani.

Mukaimba foni n'kumva kuti atuluka, amakhala ali pomwepo. Nsapato amaika mufiriji. Thirakitala ikalira ngati mfuti pamsewu amabisala pansi pa tebulo, Marijana akuona. Dzina la mwanayo ndimawalembera padzanja m'mawa uliwonse. Ndinkabisa kuti anthu asawatche amisala, ndipo ndinabisa bwino moti ngakhale madokotala sanaone kanthu.

Marijana akukupatsani moni, jekete munatumiza ija yamukwana. Zaka zonsezi ndinkamaliza kalata ndi mawu akuti achimwene anu akupereka moni. Moni umenewo unali wanga. Lero ndinati ndisanamenso, ndinawafunsa: "Bambo a Marijana, ndikulembera a Ljerka. Ndiwauze chiyani?"

Anamwetulira mwaulemu, monga ndinawaphunzitsira m'basi muja.

"Uwapatse moni mayi amenewo. Kodi ndi abale ako?"

Moni wawo ndi umenewo, ndaulemba mmene anaunenera.

Ndine mlamu wanu,
Ružica