Dzino limodzi la lamba

Zomba, Lachisanu

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu. Kaya mwadzuka bwanji ndi maso anuwo? Ine ndili bwino, kungoti sabata ino mtima sunakhale pansi.

Mukudziwa kuti a Stafford, eni galaja, anandilemba mwezi umodzi wongondiyesa, ndipo inu munati ndikalephera ndibwerere ku Ntaja. Lolemba anandipatsa pikiapu ya a Kassam a sitolo kuti ndisinthe kamushafuti ya mu injini. A Kassamwo anakagula ina yakale ku Limbe, ili ndi giya lake. Ndinamanga bwinobwino, injini n'kulira. Koma titayamba kukwera phiri la Zomba poiyesa, mayo ine! Galimoto inangofooka, kutsokomola, n'kuima tisanafike ndi ku damu la Mulunguzi komwe. Tinatsika manyazi atandigwira.

Anzanga pagalaja anayamba zoti injini yadana ndi manja a mkazi. A Stafford sanaseke, anangoti Lachisanu likadutsa ndione msana wa njira.

Ndinasintha mapulagi, ayi. Ndinatsuka sefa ya mafuta, ayi ndithu. Masiku awiri ndimangozungulira galimotoyo ngati nkhuku yofuna kuikira, chakudya osalowa.

Dzulo m'mawa m'pamene ndinakumbukira zija munkandiuza pansi pa galimoto zanu, zoti penti wa munthu wina osamukhulupirira. Pagiya lija panali kadontho ka penti woyera, ndipo ine pomanga lamba wa tayimingi ndinatsata komweko. Ndinachita monga munkachitira inu: ndinachotsa pulagi yoyamba, kulowetsa sikuludilaiva pabowo, n'kumazunguza injini pang'onopang'ono mpaka pisitoni itafika pamwamba penipeni. Nditapala dzimbiri pagiya ndinapeza kamzera ka ku fakitale, kali pambali pa penti uja. Ababa, kusiyana kwake dzino limodzi lokha la lamba! Amene anapaka pentiyo ankadziwa yekha za injini yake, ine n'kungotengera. Ndinadzikwiyira kwambiri, mwana wanu kupusitsidwa ndi kadontho.

Ndinabweza lambayo, koma mtima unali m'mwamba, chifukwa pagalaja injini iliyonse imalira bwino.

Lero atatuluka kumzikiti, a Kassam anati tikweze matumba a simenti, ndipo ndiyendetse ndekha. Tinadutsa pamalo pomwe inaima paja, tinadutsa damu la Mulunguzi, iyo ikungokoka. A Kassam anandifunsa amene anandiphunzitsa, ndinatchula dzina lanu. A Stafford sananene zambiri, anangoti Lolemba ndisachedwe, pali minibasi ikundidikira.

Pempho langa ndi limodzi. Achimwene a Uledi anandiuza kuti Amama ayamba kutulutsa matumba a chimanga m'chipinda changa kuti ndikapeze pogona. Muwauze bwinobwino, asakhumudwe, abwezeremo chimangacho.

Moni kwa Amama, achimwene ndi alamu, ndi azakhali a ku Liwonde. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Amisa