Laputopu Yosalira Aikana Atsibweni

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, ku Bangula. Kwatentha tsiku lonse, ndipo ndatopa mpaka m'mafupa.

Atsibweni, eni ake a benchi yomwe ndimathirirapo anthu nyimbo m'mafoni, anabwera m'mawa ndi malaputopu awiri a kaunjika kuti ndiwayese, iwo agule imodzi. Onse awiri ndinawapatsa ntchito yofanana, yochepetsa filimu kuti ikwane m'foni. Yaikuluyo, ya purosesa (ubongo wa laputopu) yakale yodya moto, inayamba ndi liwiro. Dzuwa litafika pamutu inatentha ngati simbi n'kuyamba kukwawa, itamwa kale batire yonse ya sola yomwe timadalira pabenchipo. Yaing'onoyo, ya purosesa yosadya moto, inkayenda pang'onopang'ono mwakachetechete, koma inamaliza ntchito ndi batire yakeyake, ili yozizira.

Ndinawafotokozera zonsezi. Iwo anagunditsa khutu pa yaing'onoyo, monga amachitira ndi injini ya chigayo chawo.

"Iyi sikulira. Makina osalira alibe mphamvu, iwe."

"Chikulira mu yaikuluyo ndi fani, atsibweni. Ikulimbana ndi kutentha."

"Ukanakhala wodziwa, bwenzi utamaliza ku yunivesite kuja."

Zonse zomwe ndinaphunzira zagonja kwa khutu la munthu wogayitsa chimanga. Agula yolirayo.

Ndiye kuyambira mawa moto uzitha masana, makasitomala aziwolokera kwa wothira nyimbo wina wa tsidya la msewu, ndipo atsibweni azinena kuti ndine waulesi. Ndikanabwerera kukawauzanso, koma pakamwa panga ndimapadziwa. Ndikangotsegula, benchi ija sindiyionanso.