Chopalira Kokonati cha Amayi

Tinnakal,
14 Novembala 1891

Okondedwa achimwene Pookoya,

Mtima ukhale pansi, alamu anu Attakoya sakupitanso kundende ya kutsidya kwa nyanja. Ndayambira pamenepa chifukwa ndimakudziwani, mukanasiya ntchito ku Rangoon n'kubwera kuno ndi mkwiyo wokhawokha.

Paja munamva kuti sitima yankhondo ya Angerezi itatiomba ndi mizinga chifukwa chokana kugulitsa zingwe zathu za makoko a kokonati kwa boma, Attakoya anakadandaula kwa akuluakulu a boma ku Madras. Kaputeni wa sitimayo anakanitsitsa, akuti anangoombera m'madzi kuti atiopseze. Wabodza anasanduka Attakoya, n'kumutsekera. Mwamwayi nkhaniyo inakavuta kunyumba ya malamulo kwawo kwa Angereziko, ndipo anatuma woweruza kuti adzaone yekha.

Tsono imvani uchitsiru wathu. Titamva kuti kukubwera mlendo, tinachita zomwe timachita nthawi zonse. Tinasesa, tinafolera madenga, tinakwirira maenje, mzikiti tinaupaka laimu. Mlendo n'kupeza mudzi uli bwinja, manyazi ake tikanawaika pati? Mzunguyo anatsika, anazungulira mudzi wonse, kenako anafunsa kudzera mwa womasulira kuti, "Nanga poonongeka ndi pati?" Mwamuna wanga tinali titamumanga tokha ndi tsache.

Amayi, osadziwa n'komwe kuti zavuta, anamukokera pakhonde kuti ayambe wadya. Akupala kokonati, mzungu uja maso anangoti dwii pa chopaliracho.

"Akuti chitsulochi munachitenga kuti, mayi?" anatero womasulira.

"Chinabwera chokha. Chinaboola denga n'kundiswera mtsuko. Umuuze kuti sindigulitsa, n'chakuthwa kuposa cha kusitolo."

"Akuti chilipo china?"

"Iii, kafunseni mnansi wanga Cheriyabi uyo, waumbombo, anatola dengu lonse!"

Mukudziwa mmene chitsulo chimasowera pachilumba pano, palibe anataya ngakhale kachidutswa. Nyumba iliyonse inatulutsa chake: wina amasendera makoko, wina anachimangirira ku ukonde, wina amaterekapo mphika. Zinaunjikana pabwalo mulu, zina zili ndi zilembo zachingerezi. Woweruza anasiya kudya. Anazinyamula zonse ngati umboni, amayi akumulalatira mpaka kudoko kuti mlendo wanji wolanda ziwiya.

Kaputeni akuti amuchotsa pa sitimayo, koma kumangidwa ayi. Zimandiwawa, sindinama. Komabe mtima wanga unali pa munthu mmodzi, ndipo Mulungu wandibwezera.

Amayi akupereka moni, akuti mukamabwera musaiwale chopalira, cholimba. Cheriyabi sakutilankhula. Attakoya anafika dzulo, wawonda moti nsalu akuizunguliza kawiri. Ndimafuna alembeko mawu ake pansipa, koma wagona pamkeka, mwana ali pachifuwa, ndipo ine sindimudzutsa.

Ndine mlongo wanu,
Muthubi