Bambo Analirira Munthu wa pa Nsalu

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 28, wa ana awiri, ndipo ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Kalatayi ndailemba katatu ndikung'amba, chifukwa nkhani yake ikafika papepala ikuoneka yachibwana. Ndi nkhani ya kanema, koma yatsala pang'ono kundipasulira banja.

Amuna anga, a Fulansisi, ndiwo amamasulira kanema mu holo ya patchalitchi pathu Loweruka lililonse masana. Mawindo amawatseka ndi masaka, kutsogolo amapachika nsalu yoyera, iwo n'kukhala pambali pa makina ndi chimkuzamawu, kumauza anthu m'Chinyanja zimene Azungu a pansalupo akunena. Kunena zoona samasulira ayi, amapeka. Wokwera hatchi akalowa m'tauni, iwo amati wabwera kudzagula mtedza ku Chiparamba, holo yonse n'kufa ndi phwete. Ine anandikopa ndi pakamwa pomwepo ndikadali namwali. Tinkapita ndi anzanga a kwaya titanyamula nzimbe, n'kubwerako nthiti zikuwawa. Masiku amenewo ndimawasowa.

Bambo anga ondibereka, a Lazarus, timakhala nawo. Anapita ku migodi ya malasha ku Wankie ine ndili ndi zaka zitatu, ndipo anakhalako zaka 21. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Mayi anga, a Mainess, anawadikira mpaka kumwalira. Chimene ndimakumbukira kwambiri n'choti basi ikamadutsa kumsewu, mayi ankasiya khasu n'kuimirira, dzanja lili pamphumi, mpaka fumbi litatha. Akatero ankawerama n'kupitiriza kulima.

Bambo anatulukira patangopita miyezi yochepa titalandira ufulu. Ndinawapeza ataima pabwalo ndi sutikesi yamalata, chipewa chili m'manja, osaodira. Ndinawafunsa kuti, "Mukufuna ndani kuno?" Sindinkawadziwa. Nditawaperekeza kumanda a mayi anangoima njo, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe. Pano zakwana zaka zinayi. Amadya, amathokoza, amakhala pansi pa mtengo wa mango kumatsokomola. Tauni ino amaitchulabe dzina lake lakale la Fort Jameson. Za ku Wankie sananenepo chilichonse.

Masabata atatu apitawo, nthawi imene wailesi inkangokamba za anthu oponda pamwezi, wansembe wathu anaitanitsa kanema wa zakumwamba ku nyenyezi. Anthu anadzaza poganiza kuti aona zilombo ndi nkhondo. Ngakhale bambo anga anavala jekete n'kutitsatira, chinthu chimene anali asanachitepo.

Aphungu, mu kanema uja mulibe chochitika. Munthu mmodzi amamutumiza pa chombo ku dziko lina lakutali, la miyala yokhayokha, kuti azikayeza mvula. Mvula kumeneko siigwa. M'mawa uliwonse amatuluka, n'kuyenda mtunda wautali kukasuzumira m'chitini choyezera, n'kuchipeza chouma, n'kulemba m'buku, n'kubwerera. Chomveka ndi mphepo yokha. Amatsuka kapu yake, amasoka malaya, amayang'ana pawindo. Kumapeto amabwerera kwawo tsitsi litayera, n'kukaima pakhomo pa nyumba yake. Mkati mukumveka wina akutsuka mbale. Iye ali chiimire choncho, kanema n'kutha.

Kanema asanafike n'pakati pomwe, achinyamata anayamba malikhweru, ena kuponya makoko a mtedza, ambiri n'kutuluka. Amuna anga pofuna kuti zinthu zisaipe anayamba nthabwala. "Uyu ndi mlangizi wa zaulimi, wasochera, akufunafuna munda wa thonje," anatero, ndipo otsala anaseka. Pomwepo bambo anga, munthu amene sakalipira ngakhale nkhuku, anaimirira pakati pa holo n'kunena kuti, "Apongozi, pepani, tsekani cholankhuliracho. Munthuyo akuganiza."

Amuna anga anatseka. Amene tinakhala mpaka kumapeto tinalipo ngati khumi ndi awiri, ambiri madoda okalamba amene anakhalako ku Joni ndi ku Halale. Atachotsa masaka m'mawindo ndinaona nkhope ya bambo itanyowa mpaka pakolala ya jekete.

Chiyambire tsikulo pakhomo pathu palibe mtendere. A Fulansisi akuti apongozi awo anawachititsa manyazi pagulu, ndipo n'zoona kuti kumsika anthu ayamba kuwaitana amuna angawo "a Tsekani". Akuti bambo apite akakhale kwa mlongo wawo ku Chiparamba. Bambo nawo, m'malo mopepesa, anandipeza ndikuchapa n'kunena chapansipansi kuti, "Mwananga, ukawapemphe andionetsenso bayisikopo ija, yopanda mawu awo." N'chinthu choyamba kundipempha chibwerereni. Zitini zosungiramo kanemayo zibwerera ku Lusaka pa basi kumapeto kwa mwezi uno.

Inenso ndili ndi mkwiyo wanga. Munthu amene sanalire pamanda a mayi anga, akalirire Mzungu wa pansalu wosuzumira m'chitini? Kodi mutu wawo ukuyenda bwino? Nanga munthu wanzeru zake angakonde chiyani mu kanema wotere? Ndiwapititse ku Chiparamba kuti banja langa likhale? Ndithandizeni, ndasowa pogwira.

E.B., Kapata, Chipata.

Amayi E.B.,

Mutu wa bambo anu uli bwinobwino, ndipo sutikesi yamalata ija isatuluke kunsi kwa bedi.

Mwafunsa chimene munthu angakonde mu kanema wopanda chochitika. Inenso ndinakulira pa makanema a okwera hatchi, ndipo mpaka lero ndikamva kuti akuonetsa ndimapukuta nsapato. Kanema wothamanga amakuthamangitsa nawe, ukamatuluka umakhala utaiwala mavuto a kwanu, ndipo palibe choipa pamenepo. Wapang'onopang'ono ndi wina. Sakuuza choti uganize. Amangokusiya ndi mphepo ndi munthu wotsuka kapu, ndiye zako zimene unazikankhira pansi kalekale zimayamba kubwera zokha. Wachinyamata sanasunge zambiri zoti zimubwerere, n'chifukwa chake amaimba likhweru.

Taonaninso amene anatsala mu holo muja. Madoda a ku Joni ndi ku Halale amakudziwa kudzuka m'dziko la eni, kugwira ntchito imodzimodziyo tsiku ndi tsiku, n'kumadziuza kuti chaka chamawa ndipita kwathu, mpaka manyazi obwera chimanjamanja atakula kuposa mtunda. Akanawaonetsa kanema wa mgodi weniweni, ndikuganiza kuti akanatuluka, chifukwa zikanawayandikira kwambiri. Dziko la miyala lija si la wina aliyense, ndiye munthu atha kulirirapo popanda womuloza chala.

Za kumanda zija ndikukumvetsani. Komabe kumbukirani kuti tsiku limenelo inu munali pambali pawo mukuwayang'ana, ndipo iwo ankadziwa kuti ndi olakwa. Munthu wolakwa amaona ngati alibe ufulu wolira pamaso pa amene anawalakwira. Mu holo munali mdima. Misozi ija inali yolirira mayi anu, inangochedwa zaka zinayi. Sindikuwachotsera mlandu ayi. Zaka 21 ndi makalata awiri ndi mlandu ndithu, ndipo mkwiyo wanu ndi woona.

Tsono yambani ndi amuna anu. Musawauze kuti n'zazing'ono, chifukwa munthu ndi apongozi ake sadzudzulana pagulu, ndipo iwo chimkuzamawu chija ndiye ulemu wawo m'tauni muno. Pitani kwa ankhoswe anu, nkhaniyi idutse mwa iwo monga mwa mwambo. Bambo apepese chifukwa cha malo amene ananenera. Inu muwakumbutse a Fulansisi kuti mkulu uja anayamba ndi "pepani", ndiponso kuti womasulira waluso amadziwa pamene pakufunika kukhala chete. Dzina la kumsika lija lisawadetse nkhawa. Loweruka likubwerali adzitchule okha "a Tsekani" pa chimkuzamawu anthu asanayambe, muona kuti litha mphamvu. Munthu amene amaseketsa holo yonse sangalephere zimenezo.

Mukatero kaonaneni ndi wansembe wanu sabata ino, mupemphe kuti aonetsenso kanemayo tsiku lina la pakati pa sabata, masana, zitini zisanakwere basi. Itanani madoda aja. Makina ayendetse a Fulansisi eni ake, chimkuzamawu chili chotseka, pakuti kupepesana kwina kumachitika motero. Inu musakakhale kumbuyo ndi amayi anzanu. Mukakhale pa benchi imodzi ndi bambo anu, ndipo mukamupirire kanemayo mpaka kumapeto ngakhale tulo tikubwereni.

Masiku otsatira musawafunse kuti n'chifukwa chiyani sankalemba makalata. Funso limenelo lidzawatseka pakamwa zaka zina zinayi. Afunseni za munthu wa pansalu uja: amaganiza chiyani potsuka kapu, n'chifukwa chiyani sanagogode. Akamayankha adzakhala akunena za iwo eni, ndipo inu mungomvetsera. Nthawi ikadzakwana muwauze za mayi anu ndi basi ija. Ayenera kudziwa kuti ankadikiridwa, koma musawauze ngati mukuwakwapula.

Chenjezo langa ndi ili. Musayembekezere kuti adzakhuthula zonse tsiku limodzi, mwina adzanena mawu atatu basi. Komanso musazengereze. Mwatchula zoti amatsokomola, ndipo chifuwa cha ku malasha si choseweretsa, apititseni kuchipatala akawapime. Mukawakweza basi ya ku Chiparamba muli chikwiyire, mutha kudzakhala inuyo woima njo pamanda.

Mwandiuza kuti kanema uja anatha munthu ali chiimire pakhomo. Mwandiuzanso zimene munawafunsa bambo anu tsiku limene anafika. Simunalakwe, simunkawadziwa. Koma ine ndikuona kuti ngakhale adya nanu zaka zinayi, iwo akadali pabwalo paja, chipewa chili m'manja. Tsiku loonetsanso kanemalo, masaka akadzachotsedwa m'mawindo, mudzawagwire dzanja n'kuwauza kuti, "Bambo, ndakudziwani. Tiyeni kunyumba."

Aphungu