Laputopu Yamdima Imene Munanditumizira

Achimwene a Yosefe,

Mwaswera bwanji ku Kitweko? Kuno ku Mfuwe tili bwino, ndipo amayi chifuwa chija chinatha. Koma ine ndakwiya nanu.

Laputopu munanditumizira ija munaikhoma. Sikirini yake ndi yamdima, ndipo ndikafuna kuwonjezera kuwala imandifunsa pasiwedi yanu. Lachiwiri ndinali ndi mayeso a ntchito yolandira alendo ku loji ina ya ku Nkwali. Anatikhazika pakhonde ten koloko kuti tilembe mayesowo pa malaputopu athu, dzuwa likuswa mtengo. Pa sikirinipo ndinkangoona nkhope yanga. Ndinadzifunditsa chitenje kumutu pamodzi ndi laputopuyo, anzanga n'kumaseka. Bwana wa pamalopo anandifunsa kuti, "Mayi, mukulemba kapena mukupemphera?" Ntchitoyo anapatsa wina.

Nditakuimbirani foni munangoti, "Ungawononge batire." Ine ndikulera ndekha ana awiri, koma simungandikhulupirire ndi kabatani kakuwala?

Tumizani pasiwediyo sabata ino. Mukakana, ndiikweza minibasi ya ku Chipata ibwerere kwa mwini wake. Mphatso yogwira kumchira sindiifuna.

Mulungu akusungenibe, poti tinayamwa bere limodzi.

Ndine mlongo wanu,
Tisa