Tiyatse Kapena Tisayatse

Luanshya,
14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Sampa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Lusaka pamodzi ndi mlamu wanga Bana Lombe ndi ana. Kuno tilipo. Alamu ako Bashi Kangwa msana ukuwavutabe, koma akuyenda.

Ukukumbukira zimene unandiuza utabwera pa Isitala? Unati poti mgodi watsekedwa, boma limanga sukulu m'dera lathu kuti ochotsedwa ntchito apeze pogwira, ndipo njerwa zonse lidzagula kwa ife eni dera. Unati ndiuze anthu ayambe kuumba, pakuti injiniya woyang'anira ndiwe.

Ndinawauza. Ukudziwa kuti uphunzitsi sunandichoke. Titatuluka m'tchalitchi ndinawafotokozera kuti chuma chikadwala, boma siliyenera kufumbata dzanja. Likagula njerwa kwa Ba Musonda, iwo akagula nsomba za kapenta kwa Bana Chola, Bana Chola akasoketsa yunifolomu kwa telala, telalayo akakonzetsa njinga, ndalama imodzimodziyo n'kudzutsa makomo ambiri. Anandiseka, n'kunditcha nduna ya zachuma yoyenda wapansi. Koma anandikhulupirira.

Tinagumula chulu chachikulu cha kuseri kwa nyumba ya malemu amayi. Amuna amene anazolowera makina a pansi pa nthaka anaponda dothi ndi mapazi nyengo yonse yozizira. Ba Musonda anagulitsa firiji yawo kuti tigule nkhuni. Mauvuni tapanga kale, kwangotsala moto.

Lachiwiri kunafika lole yodzaza ndi mabuloko a simenti. Ndinapita kukafunsa poganiza kuti asochera. Dalaivala wake anandizindikira, ndi uja anatinyamula pa ukwati wako. Anandilonjera mwansangala, n'kundiuza kuti sukulu yonse imangidwa ndi mabuloko a ku fakitale ya apongozi ako, ndipo unavomereza ndiwe mwezi wa Juni. Dalaivalayo ankangocheza, sankadziwa kuti akundilasa.

Juni, Sampa. Mu Ogasiti unandiimbira foni, ine n'kukuuza kuti anthu manja achita matuza, iwe n'kuti tilimbike.

Ndayesa kukuikira kumbuyo mumtima mwangamu. Mwina mabuloko ndi olimba. Mwina akuluakulu ako anakana njerwa zowotcha poti zimatha mitengo. Zifukwa zotere ndikanazimva, ndipo anthu ndikanawafotokozera bwinobwino. Chimene chikundikanika kumvetsa n'chakuti unatisiya tikuponda dothi iwe ukudziwa.

Dzulo Ba Musonda anabwera kunyumba, chipewa chili m'manja. Iwo akuganiza kuti mabulokowo ndi a zimbudzi chabe. Anati, "Anduna, mitambo yayamba kusonkhana. Tiyatse kapena tisayatse? Tamufunseni mlongo wanuyo, si mwana wathu yemwe uja?" Ndinangowapatsa chakumwa cha munkoyo, n'kunena kuti ndifunsa.

Mwina ku ofesiko waiwala, ndiye ndikukumbutse. Njerwa yosawotcha mvula ikaigwera imabwerera kukhala matope. Tikayatsa, nkhuni zipsa, ndipo m'tauni imene anthu sakulandira malipiro palibe akumanga nyumba woti n'kutigula. Tikapanda kuyatsa, nkhunizo tingathe kuzigulitsa kwa ophika kumsika, ana n'kudyako masiku angapo. N'chifukwa chake yankho lako likufunika mvula isanagwe.

Ndikukupempha ngati mlongo wako amene ndinakubereka kumsana. Ngati patsala mpanda, kapena nyumba za aphunzitsi, chilichonse choti njerwa zathu zingalowepo, limbana nacho, utiuze tiyatse. Ngati palibe, kwera basi ubwere udzawauze ndi pakamwa pako. Sadzakumenya. Ndi anthu otopa, si anthu oipa.

Ndidikira mpaka Lamulungu. Ukakhala chete ndiwauza ndekha, ndipo akandifunsa amene anavomereza mabulokowo, sindinama.

Undiperekere moni kwa Bana Lombe, uwauze kuti iwo sindinawakwiyire. Ana onse uwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusunge, akupatsenso mtima wolimba woti uyang'ane anthu akwanu kumaso.

Ndine mlongo wako,
Chilufya, Bana Kangwa