Lamulo la Mpando Wometera

9 Juni 2023

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Yambani mwakhala pansi, chifukwa mlongo wanu uja munkati adzakalambira pakati pa tsitsi la anthu, akukwatiwa. Bambo avomera. Koma sanangovomera ayi, ndachita kuwagwira pakhosi, ndipo ndikufuna mumve kwa ine musanamve kwa amiseche.

Mukuwadziwa Bambo ndi unyolo wawo. Palibe chimene chimachitika mu shopu yathu yometera chopanda gwero lake kutsidya kwa nyanja. Mvula ikachedwa, mlandu ndi wa anthu aja anakaponda kumwezi. Achinyamata akasiya kupereka moni, akuti ndi khoma lija linagwetsedwa ku Ulaya, kuyambira tsiku limenelo dziko silidziwanso malire. Ngakhale msana wawo akuti unayamba chaka cha 2000, pamene makompyuta ankayenera kufa koma osafa, tsoka lake n'kugwera iwo. Lamulo la shopu nalonso lidakalipo: wogwira lumo ndiye mwini mawu, wokhala pampando sayankha mpaka atamuchotsa nsalu. Ndi lamulo limeneli Bambo akhala akupambana mtsutso uliwonse kuyambira tili ana.

Tsono mukukumbukira sitima yaikulu ija inapingasa pangalande n'kutsekereza katundu wa dziko lonse? Masiku omwewo firiji yathu ya zakumwa inafa. Tinaitana wokonza mafiriji, ndipo anati chitsulo chofunikacho chili m'sitima zotsekeredwazo, tidikire. Anayamba kubwera Loweruka lililonse kudzapepesa, ndipo akatha kupepesa ankakhala pampando kuti ndimumete. Achimwene, munthuyo ali ndi dazi lowala ngati mbale yotsuka. Sitima ija anaichotsa, dziko linaiwala, koma chitsulo chathu chinakhalabe panyanja miyezi ndi miyezi. Ine sindinafunse, ndipo sindichita nazo manyazi. Makasitomala anawapatsa dzina loti a Dazi. Ndi munthu wofatsa, wodziwa ntchito yake, ndipo ndimawakonda.

A Dazi atabwera kudzapempha kuti andikwatire, Bambo anakana kwamtuwagalu. Anati munthu wobwera ndi ngozi ya sitima nayenso adzapingasa m'banja, ndipo palibe chabwino chinabadwapo m'nkhani zoipa za pawailesi. A Dazi, pokhala aulemu, anasiya kubwera. Loweruka linayamba kutalika. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndadekha zaka zokwanira, ndipo ndinaona kuti ndikapusa nditaya munthu ndikuyang'ana.

Pali chimene simunaone. Manja a Bambo akunjenjemera masiku ano, moti ndevu zawo ndimawameta ndine. Lolemba lina m'mawa, shopu ili yopanda anthu, ndinawakhazika pampando, n'kuwamanga nsalu, n'kuwapaka thovu mpaka m'makutu. Kenako ndinakweza lumo kuti alione bwino pagalasi.

"Bambo, lamulo mukulidziwa," ndinatero.

Ndinayamba ndi unyolo umene amaukonda koposa, wa zaka za m'ma sevente, pamene mayiko a mafuta anatseka mipope. Iwo amaufotokoza mpaka pa mabasi amene anaima ndi katundu amene anakwera mtengo, n'kulekera pomwepo. Kumapeto kwake anandiuza ndi malemu Amayi tsiku lina tikupinda zovala, ndipo ndi kumene ndinawapititsa Bambo. Ndinawakumbutsa za mtsikana amene anaima pa siteji dzuwa lonse ali ndi mutu wa makina osokera, basi osabwera. Ndinawakumbutsa za mnyamata wophunzira kumeta amene anasenza makinawo paphewa mpaka kukafika kwawo kwa mtsikanayo. M'mawa mwake mnyamatayo anabwereranso, akuti waiwala chipeso. Chipesocho anachifunafuna pakhomopo chaka chathunthu.

"Ndiye mafuta aja akanapanda kusowa, Bambo, lero akanakumetani ndani?"

Anafuna kutsegula pakamwa, ine n'kutsitsira lumo pansi pa chibwano, iwo n'kutseka. Kenako ndinaona misozi ikudula njira m'thovu. Chimwalirire Amayi ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo kunena zoona mtima unandiwawa, chifukwa pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti nkhani sinali sitima. Ankaopa kutsala okha ndi wailesi. Choncho ndinawauza, lumo likuyendabe, kuti sindikupita kulikonse. A Dazi adzaika zida zawo m'chipinda chakumbuyo chija mwadzaza manyuzipepala akale, ndipo ine ndidzawameta Bambowo Lolemba lililonse mpaka ndevu zidzatope kumera.

Nditawapukuta n'kuchotsa nsalu, anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Iwe Kalumo, pakamwa pakopa mpa amako," anatero. "Kamuuze wadazi uja abwere. Chitsulo chija chinafika liti?"

Ndinayankha kuti sindikudziwa. Anapukusa mutu uku akuseka, n'kunena kuti chipeso chawo chija chinali m'thumba mwawo chaka chonsecho. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawamva akufotokozera kasitomala kuti ukwati wa mwana wawo wamkazi unayambira pa woyendetsa sitima amene analephera kukhota, ngati kuti anazitulukira okha. Ndinawasiya, ulemu ndi wawo.

Ukwati ndi wa mwezi wa Sepitembala, ndipo zonse zikuyenda. Firiji ikugwira ntchito moti botolo ukaligwira zala zimachita dzanzi. Chotsala ndi chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, kuti nanunso musandiyankhe ndisanamalize.

Bambo ali ndi unyolo wanunso. Aliyense wofunsa za inu amamuuza kuti mliri uja unatseka mabwalo a ndege, kenako nkhondo yakutali inasokoneza mafuta, ndiye mwana wawo sangabwere. Ine sindiwatsutsa. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti ndege zinayamba kale kuuluka, ndipo iwonso akudziwa. Unyolo umenewo amaulumikiza kuti asakuimbeni mlandu.

Bwerani, achimwene. Akuti akufuna kukumetani okha ukwati usanachitike, ndipo lumo lawo lakale lija alinola kale n'kulikulunga m'kansalu. Adzakuchekani pang'ono, musadzakane. Mudzakhala pampando, mudzakhala chete, chifukwa ndikuona kuti akusungirani mawu ambiri. Sindikudziwa kuti manja amenewa agwirabe lumo mpaka liti.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. A Dazi akupereka moni mwaulemu wonse. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi moni, ayankha kuti wawo adzapereka okha, inu muli pampando.

Ine mlongo wanu,
Kalumo